Tsiku Limene Ghislain Sanavule Magolovesi

"Lero nonse manja kumbuyo," anatero kochi Bouffard, akuloza ndi chibwano kuseri kwa galasi lotchinga bwalo. "Mwamuona wa jekete yakuda uyo? Ndi wa ku ligi ameneyo."

Osewera onse pa benchi anacheuka. Pa mzere wachiwiri panali bambo wina woonda, wovala taye Lamulungu masana, kabuku kali pantchafu. M'bwalo lathu la hoke, masewero a ndodo a pa ayezi, munthu amene sanagwire mowa kapena tchipisi sachedwa kudziwika kuti wabwerera zina.

Nkhani inali itawanda kale m'tauni monse. Akuluakulu a ligi anali oti akumane Lachinayi kuti avote ngati ndewu ipitirire m'masewero kapena ithe, ndipo kunkamveka kuti akutumiza anthu mwakachetechete kuti akaone mmene zinthu zilili m'mabwalo.

Nkhaniyi inkakhudza Ghislain Plourde kuposa wina aliyense. Pa zaka khumi ndi chimodzi zimene anasewerera timu ya Mimbulu anali atamwetsa zigoli zinayi, ndipo chimodzi mwa izo kampira kanachita kumuomba m'tako n'kulowa kokha. Koma iye sankalipidwa chifukwa cha zigoli. Wa timu ina akagwetsa mnzake wa Ghislain wodziwa kugoletsa, Ghislain ankapita kukamufunsa mwaulemu ngati ali wokonzeka. Akavomera, onse awiri ankaponya magolovesi pa ayezi n'kuyamba kuswana, oimbira masewero ataima pambali ngati akudikira basi, mpaka wina agwe. Kenako mphindi zisanu m'kabokosi ka chilango, anthu akuimba dzina lake. Imeneyo ndiyo inali ntchito yake, ndipo ina sankaidziwa. Ligi ikathetsa ndewu, Ghislain abwerera kocheka matabwa kwa mlamu wake, ndi mawondo otha komanso ana atatu.

"Makamaka iwe, Ghislain," kochi anawonjezera. "Wina akakutukwanira mayi ako, umuthokoze. Bwanayo akalembe kuti kuno ndife anthu, ndewu imangochitika mwa apo ndi apo. Ndiye kuti palibe choti athetse. Wamva?"

"Ndamva, a Kochi."

Vuto linali lakuti timu ya Zimbalangondo, imene ankasewera nayo tsikulo, sinauzidwe. Womenya wawo, Donat Vachon, anali atapimana mphamvu ndi Ghislain kakhumi n'kasanu, ndipo awiriwa ankalemekezana kwambiri. Masewero atangoyamba, Donat anatsetsereka pa ayezi n'kudzaima pambali pake.

"Tiyambe, achimwene. Anthuwa alipira pakhomo."

"Lero ayi."

"Wadwala?"

"Ndasiya."

"Wasiya? Nanga pa ayezi pano wadzatani, kudzaphunzira kutsetsereka?"

Donat anaponya magolovesi pansi n'kukunga zibakera. Bwalo lonse linaimirira. Ghislain anawerama, n'kutola magolovesi aja, kuwasansa, n'kumupatsira mwini wake ndi manja awiri. Woimbira anakanda m'mutu, popeza zoterezi anali asanazionepo, kenako anatumiza Donat yekha m'kabokosi.

Phokoso limene linabuka silinali la masewera. Makapu a mowa anayamba kugwera pa ayezi. Apongozi ake a Ghislain, amene sanaphonyepo masewero chikwatitsireni mwana wawo, anakwera pampando ndi ndodo yawo yoyendera.

"Mmenye! Kodi mwana wanga ndinam'pereka kwa wansembe?"

Ghislain anasuzumira mozemba ku mzere wachiwiri. Wa jekete uja ankalemba, ndipo mtima unakhalako pansi.

Chigawo chachiwiri Donat anayesa zonse. Anamubaya ndi ndodo m'nthiti. Anamunena mphuno, anamunena galimoto, anamunena ndi galu yemwe. Ghislain ankangoti, "Zikomo, aise," mano amene anatsala akukukutika. Pomaliza Donat anamufunsa motsitsa mawu ngati kunyumba kuli bwino.

Mayeso enieni anadza m'chigawo chomaliza. Donat anathamangira Loïc, wogoletsa wa Mimbulu, n'kumupanikizira kukhoma mpaka chisoti chinauluka. Loïc anagona chafufumimba. Bwalo lonse linacheukira kwa Ghislain, chifukwa ngakhale khanda limadziwa chimene chimatsatira zikatere. Donat mwiniyo anaima n'kudikira, magolovesi atawamasula kale.

Ghislain anafika pomwepo. Anaganiza za macheka a mlamu wake. Anamudutsa Donat, n'kudzutsa Loïc, n'kumuperekeza ku benchi. Anzake sanamuyang'ane kumaso. Pa zaka zonse zimene anamenyedwa pamaso pa anthu, manyazi ngati a tsiku limenelo anali asanawamvepo, ndipo misozi inalengeza. Koma anadziuza kuti ndi manyazi a tsiku limodzi, ntchito yapulumuka.

Mimbulu inagonja zigoli ziwiri kwa chimodzi. Anthu ankatuluka akutukwana, ena akufuna kubwezeredwa madola awo, ndipo pakhomo panabuka ndewu zitatu pakati pa amene ankati ndewu ithe ndi amene ankati ipitirire.

Kochi yekha ndiye anamusisita pamsana. "Waitha. Pita ukawapatse moni bwanawo, akuone nkhope."

Ghislain anamupeza bambo uja m'kanjira kopita ku zipinda zovulira za osewera, akumanga mabatani a jekete. Anavula chisoti n'kumwetulira ndi mano ake onse asanu ndi awiri.

"Bwana, mwaona nokha. Kuno ndife anthu amtendere. Mukawauze choncho a ligi Lachinayi."

"A ligi ati?" bamboyo anadabwa. "Ine ndachokera ku timu yaikulu ya mumzinda. Womenya wathu wathyoka dzanja, ndiye anandiuza kuti kuno kuli Plourde wina wake woopsa, ndidzam'tenge lero lomwe. Maola asanu ndi limodzi pamsewu, kudzaonera munthu akutola magolovesi."

Anatseka kabuku kaja n'kusuzumira kuseri kwa phewa la Ghislain.

"Pepani, kovulira kwa a Donat Vachon ndi mbali iti?"