Mtengo wouma wa pa siteji ya basi

Panali khansala wina wodziwa kuyankhula, amene mtima wake unali pa mipando ikuluikulu ya dziko.

M'dera lake, pa siteji ya basi, panali mtengo wouma wopendekera pomwe anthu amaima. Mayi wina wosoka zovala, yemwe shopu yake inali pafupi, ankaumva ukulira kukachita mphepo. Anaika benchi pakhonde pake, ndipo aliyense woima pansi pa mtengowo ankamuitana kuti adikirire basi pamenepo.

Koma mtengo wa m'mbali mwa msewu sudulidwa popanda chilolezo cha khonsolo. Tsiku lina khansalayo atabwera kudzayesa jekete, mayiyo anati, "Bwana, mtengo uja utiphera anthu. Wodula alipo kale, akungofuna kalata."

"Mayi, inu ndi mtengo wanuwu! Kodi munakwatiwa nawo?" anaseka khansala. "Ndikaunena ku msonkhano wa khonsolo Lachinayi."

Lachinayi nkhani ya mtengo inali yachiwiri pa mndandanda. Khansala anapempha kuti iikidwe kumapeto, ayambe akambirana kalata yodzudzula nduna ina pa zimene inanena kunja kwa dziko. Atolankhani analipo. Nthawi inatha asanafike pa mtengo. Mwezi wotsatira zinateronso.

Mlembi wa khonsolo anamunong'oneza, "Bwana, za nduna zili ndi eni ake. Mtengowu tikapanda kuusamala ife, palibenso wina."

"Iwe lemba, usandiphunzitse ntchito."

Mwezi wachitatu, tsiku la msonkhano, kunacha ndi mphepo yoipa. Mayi wosoka uja anatseka shopu n'kupita yekha ku khonsolo. Khansala anamuona ali pakhomo la chipinda cha msonkhano, anamukodola kuti adikire, n'kulowa. Mlembi anamutulutsira mpando ndi madzi akumwa.

Khansala ali mkati moyankhula, foni yake inayamba kunjenjemera m'thumba. Anaithimitsa. Anayankhula ola lathunthu, anthu n'kuwomba m'manja.

Atatuluka anapeza mkazi wake ataima pafupi ndi mayi uja, wopanda nsapato, akulira.

"Bambo a kunyumba, achemwali anu anabwera osatiuza. Atatsika basi anaima pa siteji kudikira kuti muwayankhe foni mukawatenge. Mtengo uja wawagwera."

Achemwaliwo ndi amene anamulera makolo awo atamwalira. Anali alendo m'deralo, za mtengo sankadziwa, ndipo pakhonde paja panalibe wowaitana.

Khansala anayang'ana mayi wosoka. Mayiyo sanamunyoze. Anamugwira mkono kuti asagwe, nati, "Tiyeni kuchipatala, bwana. Mwina tiwapeza akupuma."

Sanawapeze akupuma.

Phunziro: Amene tinawasankha kuti asamale misewu, ngalande ndi misika yathu ayambe agwira ntchito imeneyo, za kutali zili ndi ozigwira. Tumizani uthengawu kwa anzanu, ndipo ngati nambala ya khansala wanu muli nayo, mutumizireni iyenso.