Batani lobiriwira la a Hopewell

Panali bambo wina ku Zomba, dzina lawo a Hopewell, kalaliki wa m'boma wokhala ku Chikamveka. Amene ananditumizira nkhaniyi akuti amawadziwa bwino: munthu wosamwa, wosasuta, woti akabwereka khasu amabweza atalinola.

Amayi awo, a Lois, ankadwala BP ku Chinamwali. Kukayezetsa kunali kukwera kabaza n'kukaima pamzere kuchipatala, ndiye a Hopewell anaganiza zowagulira makina oyezera pakhomo. Anawapeza pa intaneti, pa sitolo ina ya kunja. Inali nthawi ya nkhomaliro mu ofesi, khadi ya ku banki ili m'manja, mnzawo wa pantchito a Justus ataima kumbuyo akukukuta chimanga chootcha.

Pomaliza kugula panatulukira mabatani awiri. Lina lalikulu, lobiriwira, lonena kuti katundu abwera msanga komanso kutumiza kwake n'kwaulele. Linalo linali kabatani kakang'ono, kotuwa, kobisala pansi.

"Akulu, taimani kaye," anatero a Justus. "Timalemba tating'onoto tikuti chiyani? Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Inu a Justus, amayi akudwala, ine ndikhale pano ndiziwerenga nyerere? Akuti ulele, basi."

Anadina lobiriwiralo. Koma timalemba tija tinkanena kuti ulelewo ndi wa mamembala okha. Mwezi woyamba sulipira, kenako sitolo izidzitapira yokha pakhadi mwezi ndi mwezi, m'madola, mpaka mwini wake atadzakana.

Makina aja anafika amayi ataikidwa kale m'manda. A Hopewell anakatenga phukusilo, osalitsegula, n'kuliika pamwamba pa kabati.

Kuchokera pamenepo munthu uja anangochita dzanzi. Sankalira, sankaseka. Ankapita ku ntchito, n'kubwera, n'kugona. Foni inadzaza ndi mauthenga a "pepani, pepani" mpaka anatopa nawo, moti ikalira ankangofufuta osawerenga. Uthenga wa ku banki wonena kuti ndalama zachotsedwa unkabwera mwezi uliwonse, nawonso unkapita komweko.

Abale atakumana anagwirizana kuti chaka chikatha amange chiliza cha mwala wakuda, wolembedwa dzina bwinobwino, ndipo mpingo ubwere kudzavundukula. Wosunga ndalama? Nanga akanakhala ndani, si a Hopewell omwewo? Iwo anati aliyense aziponya ku akaunti yawo ina imene sankaikhudza, kuti zisasakanikirane ndi malipiro. Abale anga, inali akaunti ya khadi yomwe ija.

Mlongo wawo wamng'ono, Dinah, wogulitsa kaunjika ku Chinamwali, ankadzimana n'kumaponyako kangachepe. Amalume awo, a Dickson, anagulitsa mbuzi.

Tsiku litayandikira, mmisiri wa miyala anaimba foni kuti mwala watha, dzina lalembedwa, abwere ndi ndalama yotsala adzatenge. A Hopewell anapita ku banki. Zimene anapezamo sizinakwane ngakhale pang'ono.

"Mayi, alipo wandibera," anauza mayi wa pakauntala.

Mayiyo anayang'ana pa kompyuta. "Bambo, palibe wakuberani. Iyi ndi sitolo ya kunja, mumalipira umembala. Poti ndi madola, kwacha ikagwa nayonso imakwera."

"Umembala wa chiyani? Ine ndinagulako kamodzi kokha."

"Munavomera nokha pogulapo. Khadi titha kutseka lero lomwe, koma zimene zinapita sitingabweze."

A Hopewell anangoti zikomo, n'kutuluka. Anayenda osadziwa kumene akupita, mpaka anadzazindikira ali pa msewu wokwera kuphiri. Anakhala pa mwala. Mumtima munalibe mkwiyo, munalibe chisoni, munangoti zii.

Atapita kukamuuza Dinah pa benchi yake ya kaunjika, iye anasiya kupinda malaya.

"Achimwene, mungondiuza kuti mwadya. Kudya ndingamve, munthu amalakwa. Koma batani? Ndikawauze amalume kuti mbuzi yawo inadyedwa ndi batani?"

"Ndi mmene zakhalira."

"Mukuyankha ngati anamwalirawo si amayi anu."

A Hopewell anatembenuka n'kumapita.

Mmisiri anakanitsitsa kutulutsa mwala pangongole. Ku ofesi anati ngongole ya pantchito idikire mwezi wina. Tsiku linali litalengezedwa kale kutchalitchi, abale a ku Phalombe atakonzeka kale ulendo, kubweza kunali kosatheka. Ndi tindalama totsala tija anagula simenti ndi mchenga, n'kuwaka pamanda paja mmene akanathera.

Loweruka lake anthu anasonkhana kumanda, amayi a mvano atavala zoyera, chiperoni chikuwaza. Anaimba, anapemphera. Mkulu wa mpingo atachotsa nsalu, pansi pake panali simenti yokhayokha, dzina la a Lois litalembedwa ndi msomali, zilembo zina zopendama.

A Dickson anayang'ana pamanda nthawi yaitali, kenako anatembenukira kwa a Hopewell.

"Mlongo wanga anakuphunzitsa sukulu ndi zitumbuwa, iwe."

Sanakalipe, anangonena choncho n'kuyamba kubwerera. Anthu onse anawatsatira mmodzimmodzi. A Hopewell anatsala okha ataima pamenepo, manja ali kumbuyo.

Phunziro: Pogula pa intaneti, batani lalikulu lonena za ulele musalithamangire. Werengani timalemba tating'ono, funani pamene akuti gulani osalowa umembala, ndipo ngati munadina kale, kakaneni mwezi waulelewo usanathe. Uthenga wa ku banki muziuwerenga ngakhale mtima uli wolemera bwanji, ndipo ndalama za abale musasunge pakhadi imene mumagulira zinthu. Safunsa anadya phula. Tumizani nkhaniyi ku magulu a banja, a mpingo ndi a kuntchito, mwina wina chala chili kale pa batani.