Mwana Sanama

"Kamwanaka kaphunzitseni kumudziwa mayi wake, kadzakupachikani," anachenjeza azakhali, koma onse anangoseka. Mayi wakeyo ndi mtsikana amene anabereka ali pasukulu, ndiye mwanayo anakula akumutcha asisi. Agogo ake a mwanayo, omwe tsopano ndi malemu, ndi amene ankawati amayi.

Ku ofesi yosamalira anthu, komwe mtsikanayo anakapempha thandizo, mlangizi watsopano anati masiku ano amamva mbali zonse, ngakhale ya mwana. Anagwada n'kumupatsa switi.

"Iwe, awa ndi ndani?"

"Asisi."

"Nanga amayi ako?"

"Anamwalira."

Mtsikanayo anadzambatuka. "Bwana, ndinabereka ndekha ine! Chipsera cha opaleshoni chilipo, ndikuonetseni?" Manja anali atagwira kale m'chiuno mwa siketi.

"Khalani pansi, chemwali. Mwana sanama. Mawa tidzamutenga akasungidwe kaye, ife tikufufuza."

Panjira mwanayo, akunyambita switi, anamukoka chala. "Asisi, mukuliranji?"

Mtsikanayo anapukuta misozi. Anangomunyamula, ngakhale anali wolemera kale, n'kuyamba kusankha mumtima zoti alongedze: bulangeti, tinsapato, mankhwala achifuwa. Mlangiziyo abwere mawalo, adzapeza chitseko chokha. Awiriwa anyamuka kusanache.