Choyezera Kutentha cha Malemu Bambo

"Setilaiti yanuyo singapose bambo ako," anatero mayi, akupukuta chithunzi cha malemu amuna awo.

Mwana wawo, katswiri wa zanyengo, anamwetulira. Kuntchito ankalimbana ndi anzake, iye akuumirira kuti setilaiti ikukokomeza kutentha, umboni wake uli miyezo imene bambo ake ankatenga pansi moyo wawo wonse.

"Sankajomba, mwanawe. Choyezera cha kuntchito chitasweka, iwe uli kumsana, sanavutitse mabwana. Anangogula china pamsika, osauza munthu."

"Pamsika? Anachitsimikizira ndani kuti n'cholondola?"

"Iii, chinali chatsopanotu! Sanachite bwino kodi?"

Mtsikanayo anayang'ana chithunzi chija, misozi ili lengelenge. Miyezo ya choyezera chosatsimikizika sinalinso umboni. Mawa akafufuta yekha ntchito yonse ya bambo ake.

"Anachita bwino, amayi."