Anatseka Kapaipi ndi Msomali, Mtsinje Unatenga Galimoto

Panali munthu wina, dalaivala wamakani, amene anzake ankamutcha Ndikudziwa chifukwa sankalola munthu kumaliza chiganizo. Ankayendetsa galimoto yonyamula katundu imene bambo ake anawasiyira iye ndi mlongo wake. Mabanja awiri ankadyera galimoto imeneyo. Mlongo wakeyo anali makaniko, ndipo Ndikudziwa zinkamuwawa kuuzidwa zochita ndi mng'ono, wamkazinso.

Galimotoyo inali ya mahabu odzitsekera okha, zitsulo za pakati pa matayala akutsogolo zimene zimawalumikiza ku mphamvu ya injini. Ukaika giya ya matayala onse anayi, injini imakoka mpweya kudzera m'timapaipi ta labala, mahabu n'kugwira, matayala akutsogolo n'kuyamba kukoka. Kapaipi kamodzi kakangong'aluka, basi, akutsogolo amangoperekeza.

Tsiku lina Ndikudziwa anamva kufwenkha kwa mpweya pafupi ndi tayala lakumanzere. Anapeza kapaipi kong'aluka, anakadula, nakatseka ndi msomali. Phokoso linatha. Munthuyu anadziona ngati injiniya.

Mlongo wake ataona msomaliwo anagwira m'chiuno.

“Achimwene, mwatseka pakamwa pa wodwala, matenda ali pompo. Habu iyi sigwiranso.”

“Nanga nyali ya pa dashibodi siikuyaka?”

“Nyali imangonena kuti mwaika giya. Siiona za kutayala. Ikwezeni pa jeke, tilize injini, tizungulize tayala. Shafuti, chitsulo chopititsa mphamvu kutayala, ikapanda kuzungulira nalo limodzi, habu sinagwire. Ntchito ya mphindi khumi.”

“Iwe unayamba liti kundiphunzitsa galimoto? Ndinayamba kuigwira iwe ukutuluka mamina.”

“Mamina anatha, achimwene. Makani anu ndiye sakutha.”

Ndikudziwa anamenyetsa chitseko n'kunyamuka. Anthu ena uchitsiru amachita kuuvala ngati jekete.

Patapita masiku atatu ananyamula matumba a simenti kupita kutsidya la mtsinje wopanda mlatho. Madzi anali olekeza m'mawondo, koma kumtunda kwa mtsinjewo kunali kutada bii ndi mitambo ya mvula. Amayi ena amene ankachapa anamuuza kuti adikire.

“Chapani zovala, za galimoto zisiyeni,” anatero, naika giya ija. Nyali inayaka. Analowa.

Pakati pa mtsinje matayala akumbuyo anayamba kukumba mchenga. Akutsogolo anangoti duu. Anaponda moto, galimoto inatitimira mpaka mimba inagunda pansi. Apo ndiye anakumbukira kuti ali ndi mlongo, naimba foni.

“Tsikani msanga,” anatero mlongoyo. “Pakati pa tayala pali kachotsekera. Kapotokoleni ndi dzanja, habu igwira popanda mpweya.”

Anatsika. Kachotsekerako kanali kasanapotokoledwepo chichokereni bambo awo, kanali katauma gwa ndi dzimbiri. Anakamenya ndi mwala, kanasweka. Madzi anafika m'chiuno, kenako pachifuwa. Amayi ochapa aja anamuponyera nsalu zomangiriza n'kumukokera kumtunda akumutukwana. Anaima pagombe akuona galimoto ya bambo ake ikupendekeka, mpaka inagubuduzika ndi simenti yomwe.

Madzulo anafika ku galaja ali wapansi, nsapato imodzi. Mlongo wake anali pansi pa galimoto ya kasitomala ndipo sanatuluke n'komwe.

“Mlongo wanga, ndikhululukireni. Sindimadziwa.”

Sipanala inasiya kulira.

“Lero ndiye mwaphunzira mawu amenewo? Pitani mukawauze ana anu ndi anga. Ali kunyumba, akudikira kuti aone kuti mwabweretsa chiyani.”

Ine sindimumvera chisoni ngakhale pang'ono. Chisoni changa chili pa anawo, amene sanatsekepo kapaipi ka munthu.

Phunziro: Kuthetsa phokoso si kukonza, ndipo nyali ya pa dashibodi siikoka galimoto. Musanalowe m'matope kapena m'madzi, yesani mahabu pa jeke, ndipo wodziwa ntchito akamalankhula, khalani chete ngakhale munamubereka kumsana. Tumizani uthengawu kwa madalaivala onse, makamaka uja amene ayankhe kuti akudziwa kale.