Mboni ya Chigayo Chathu

Chaka chilichonse pa 1 Julayi magetsi a bizinesi zonse amazima. Sayakanso mpaka munthu wosakhala wachibale atauza kabokosi ka pakhomo chimene bizinesiyo imamuthandiza, kupatula malonda.

Tsikulo amuna anga anavala tayi, n'kuima pakhomo pa chigayo chathu. Tinaitana anthu asanu ndi awiri, koma aliyense akangotsegula pakamwa, kabokosi kankati, "Wachibale." Mudzi uno tonse ndife amodzi!

Kenaka anatulukira aNambewe, mayi wobwera, amene amuna anga salankhula nawo chikanganirane za mbuzi.

"Mwatsekeranji?" anakalipa. "Madeya mumandisiyira kuseri aja ndi amene nkhuku zanga zimadya. Zikasiya kuikira, ana anga adyera chiyani?"

Nthawi yomweyo magetsi anayaka, chigayo n'kulira! Ndinalulutira mpaka kutsokomola, amayi a pamzere akuvina ndi malichero m'manja.

Amuna anga anandikokera pambali. "Amake Tiyamike, madeya ake ati?"

"Amene mumati ndizikataya aja," ndinatero, ndikuwapatsa tsache. "Vulani tayi, bambo. Lero mukawapatsira ndinu."