Gemu yomwe inachitira umboni achimwene

Panali mayi wina wogwira ntchito m'famase yogulitsa mankhwala, ndipo omudziwa akuti izi zinachitikadi. Iye ndi mwamuna wake anagula gemu ya pa kompyuta, ija umakhala msilikali woyendayenda m'dziko la mafumu, afiti ndi zinjoka. M'gemumo umasankha wekha: mdani akagwada ukhoza kumukhululukira kapena kumupha, chuma cha mwini ukhoza kuchisiya kapena kuchilanda. Chimene wasankha gemu imasunga yokha, kubwerera kulibe. Pamapeto imakuonetsa mmene munthu aliyense amene unakumana naye anathera.

Awiriwa anapangana kuti azisewera limodzi akaweruka, wina asaikhudze payekha. Mayiyu ankakhululukira aliyense.

"Ndi chifundo chanuchi tidzamaliza tili ndi imvi," ankatero mwamunayo. Iye ankagwira ntchito pa shopu yosindikiza mapepala pafupi ndi nyumba, moti masana ankabwera kudzadya.

M'nyumbamo munalinso mlongo wake wamkulu wa mayiyu, kalipentala amene ntchito inamuthera. Ankagona pabalaza, kukacha n'kupinda matiresi kuseri kwa sofa.

Tsiku lina atayatsa gemu, mayi uja anaona msilikali wawo atanyamula lupanga lachilendo. Atalowa m'mudzi wa m'gemumo, anthu amene dzana ankawalonjera anayamba kutseka zitseko. Wosula zitsulo amene mayiyu anamupulumutsa sabata yapitayo sanaonekenso.

"Lupangali lachokera kuti?"

"Ndidziwa bwanji ine?" anatero mwamunayo. Kenaka anatsitsa mawu, n'kuloza matiresi aja ndi mlomo. "Amene amaswera pakhomo pano mukumudziwa."

Mawuwo anamulowa mayi uja. M'mawa anakulunga chingwe cha rimoti ya gemu katatu n'kuiika chafufumimba. Madzulo anaipeza chagada, chingwe chitakulungidwa kawiri. Mawa lake chimodzimodzi. Mlongo wake akamupatsa moni pakhomo, iye ankangoyang'ana zala za mlongoyo. Akaseka, ankati akumuseka iyeyo.

Tsiku lachitatu anafunsa ali patebulo.

"Achimwene, mukumasewera gemu yathu?"

"Ine? Ndi manja a hamalawa? Batani loyatsira sindikulidziwa n'komwe, chemwali."

"Ndiye ikudzisewera yokha?"

Kalipentala uja anayang'ana mlamu wake. Mlamuyo anayang'ana foni.

"Gemu si nkhani," anapitiriza mayiyo. "Chikundiwawa ndi bodza. Mukudya pano, mukugona pano, n'kumandinamiza ngati kamwana."

"Alamu, kungovomera basi, nkhani ithe," anatero mwamunayo. "Palibe akumenyeni."

Kalipentala uja anasamba m'manja osamaliza kudya. Kutacha ananyamula bokosi la zida zake n'kupita kukagona kwa mnzake, m'kachipinda kosungira matabwa. Mayi uja anadziuza kuti munthu wosalakwa sathawa.

Gemu inapitirira. Rimoti ija tsopano ankaipeza mmene waisiyira, ndipo mtima wake unakhala pansi. Patatha masabata awiri anafika pamtsinje waukulu wa m'gemumo. Pamenepo panali wopalasa bwato wa mwendo umodzi, amene anawawolotsa ulere. Munthuyu anali ndi mphete yoteteza ku moto wa chinjoka.

"Tiilande," anatero mwamunayo. "Popanda imeneyi chinjoka chikatiwotcha ngati mbewa."

"Munthu watiwolotsa ulere? Ayi, isiyeni."

Anaisiya.

Loweruka lina masana anafika kwa chinjoka chija. Chinalavula moto kangapo, koma msilikali wawo sanapse n'komwe. Mayi uja anadabwa pang'ono, chimwemwe n'kumuiwalitsa. Chinjoka chitagwa, gemu inayamba kuonetsa mathero a anthu mmodzimmodzi. Wosula zitsulo anaphedwa chifukwa cha lupanga lake. Mayi uja anapukusa mutu, nati, "Achimwene amenewo."

Kenaka panabwera chithunzi cha bwato lopanda munthu. Mawu a pachithunzipo anati wopalasa bwato uja anaphedwa ndi mlendo amene iye anamuwolotsa ulere, atabwerera kudzalanda mphete.

Mayi uja anawerenga kawiri. Anayamba kuwerengera masiku pazala.

"Pamtsinje paja tinafika liti?"

"Aa, ndani amasunga zimenezo?"

"Achimwene anali atachoka kale. Masabata awiri."

Mwamunayo anaseka, chiseko chouma. "Iiih, inunso! Ndi zidole izi, si anthu enieni. Mnzanga wa kushopu anandiuza kuti popanda zida zimenezo gemuyi simalizika. Ndimakuthandizani."

"Nanga achimwene ndi chidole?"

Mayi uja anatuluka pakhonde n'kuimba foni. Inaitana nthawi yaitali.

"Achimwene, ndinakulakwirani. Sanali inu."

"Ndikudziwa. Alamu ndinkawaona masana aliwonse, mbale pamwendo, rimoti m'manja."

"Bwanji simunanene?"

"Ndikananena ukanakhulupirira ndani? Munthu wogona pabalaza sapasula banja la eni nyumba."

"Bwererani, chonde. Matiresi anu alipo."

Kumbali inayo kunamveka sowo ikudula thabwa, kenaka inasiya.

"Wadziwa bwanji kuti sindine?"

"Gemu yaonetsa."

"Oho. Gemu yanena, wakhulupirira. Ine ndinakuuza ndi pakamwa panga, mwana wa mayi anga." Kenaka anati, "Ndili pantchito, chemwali. Ukhale bwino."

Akuti mpaka lero akakumana amapatsana moni bwinobwino, koma pakhomo paja kalipentala uja sanapondeponso.

Phunziro: Munthu wofulumira kukulozera wolakwa uyambe wamuyang'ana iyeyo. Usaweruze m'bale wako chifukwa choti alibe pogwira ndipo sangadziteteze. Wonama pa kanthu kamasewera amanamanso pa munthu wamoyo. Tumizani nkhaniyi kwa abale ndi anzanu, mwina wina asunga mlongo wake lero.